Kusiya anthu n'kukakhala m'tchire: chimakopa n'chiyani, chimapha n'chiyani?

Pa 18 Juni 2020, helikopita yaikulu ya asilikali inanyamula basi yakale yadzimbiri kuichotsa pakati pa thengo ku Alaska, m'dziko la America. Basiyo, ya nambala 142, inali itakhala pamenepo zaka pafupifupi 60. Boma linaichotsa chifukwa anthu ankaika moyo pachiswe pofuna kukaiona. Azimayi awiri anamira mumtsinje wa Teklanika pa ulendo umenewu, wina mu 2010, wina mu 2019, ndipo pakati pa 2009 ndi 2017 opulumutsa anthu anaitanidwa kumeneko maulendo 15. Alendowa ankafuna kuona basi imene mnyamata wa zaka 24, Christopher McCandless, anakhalamo ndi kuferamo mu 1992 atasiya kwawo, ndalama ndi dzina lake n'kukakhala yekha.

Nkhani zotere sizinathe. Mu Julayi 2023, m'nkhalango ya Gunnison ku Colorado, ku America komweko, munapezeka mitembo ya azimayi awiri apachibale ndi mnyamata wa zaka 14. Iwowa ananyamuka chaka cha 2022 kuti akayambe moyo kutali ndi anthu, koma njala ndi kuzizira zinawapha nyengo yachisanu itafika.

Kwa ife amene tinakula tikumva kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, zimenezi n'zovuta kuzimvetsa. Munthu wophunzira, wa chakudya chokwanira, angathawirenji kutchire? Ena amati ndi misala, ena amati ndi kulimba mtima. Tisanaweruze, ndi bwino kumasula nkhaniyi pang'onopang'ono, chifukwa mwa mawu amodziwo muli zinthu zingapo zosiyana.

Kukhala kutali ndi tauni si kusiya anthu

M'mayiko olemera muli mawu otchuka akuti off-grid. Amatanthauza nyumba yosalumikizidwa ku magetsi a kampani kapena ku mipope ya madzi: eni ake amagwiritsa ntchito sola, chitsime ndi nkhuni, ndipo amalima zakudya zawo. Wowerenga wa ku Ntchisi kapena ku Chadiza angafunse kuti chachilendo n'chiyani pamenepa, poti agogo athu akhala chonchi moyo wawo wonse. Funsoli n'lomveka, koma pali kusiyana kwakukulu. Mudzi ulibe magetsi, koma uli ndi anthu. Moto ukazima ukapala kwa a neba, mchere ukatha utuma mwana, ukadwala akunyamula panjinga, mbewu ikakana chaka chino ukapempha kwa amalume. Moyo wakumudzi ndi moyo wodalirana kwambiri kuposa wa m'tauni.

Chachiwiri ndi kudzipatula kwa kanthawi. Munthu amapita kuphiri kukapemphera ndi kusala kudya masiku atatu kapena sabata, abale akudziwa kumene ali ndi tsiku lobwerera. Izi timazidziwa bwino.

Chachitatu, chomwe ndi mutu wa nkhani ino, ndi kudula chingwe: kupita kumalo kopanda anthu, osauza aliyense kapena osafuna thandizo la aliyense, n'cholinga chodzidalira pa chilichonse. Ngozi zambiri zili pano.

Chimene chimakopa

Chilakolako chothawa anthu n'chakale. Cha m'ma 270, mnyamata wa ku Egypt dzina lake Antoni anagawira osauka chuma chimene makolo ake anamusiyira n'kuyamba moyo wodzipatula, kenako analowa m'chipululu. Ankafuna kupemphera popanda chosokoneza. Koma mbiri yake itamveka, anthu anayamba kumulondola komweko, ena kukapempha malangizo, ena kukamanga tizisakasa pafupi naye. Mpaka lero kufupi ndi Nyanja Yofiira kuli nyumba ya amonke yodziwika ndi dzina lake.

Ku America, amene amatchulidwa kwambiri ndi Henry David Thoreau. Pa 4 Julayi 1845 anakakhala m'kanyumba kamene anamanga yekha m'mphepete mwa dziwe la Walden ku Massachusetts, ndipo anakhalako zaka ziwiri, miyezi iwiri ndi masiku awiri. Ankafuna kuona kuti munthu amafunikira zinthu zingati kwenikweni kuti akhale moyo, poona anzake akutha mphamvu kugwirira ntchito ngongole ndi katundu. Zimene analemba zakopa mibadwo ya achinyamata. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti malowo anali a mnzake Ralph Waldo Emerson, tauni ya Concord inali mtunda wosakwana ola limodzi wapansi, ndipo iye ankapitako kawirikawiri kukacheza ndi abale. Sanabise zimenezi. Kwake kunali kuyesa moyo wosalira zambiri, osati kutha pamaso pa anthu.

Zifukwa za anthu a masiku ano n'zosiyanasiyana. Ena atopa ndi lendi, ngongole ndi phokoso la foni. Ena akuthawa nkhanza kapena chinyengo cha m'banja lawo. Ena amaopa kuti dziko latsala pang'ono kugwa. Ena amangokonda thengo ndi bata lake, ndipo amafuna kudziyesa okha. Aliyense amene anakhalapo m'minibasi pa mzere wa magalimoto madzulo, mutu ukuwawa ndi mabilu, amadziwa kakang'ono ka maganizo amenewa: kungofuna kutsika n'kumapita osatembenuka. Sindikuona chochititsa manyazi m'chilakolako chimenechi. Vuto limabwera pamene maloto akumana ndi thupi lofuna kudya tsiku ndi tsiku.

Tchire “lopanda anthu”

Lingaliro lakuti pali malo amene munthu sanapondepo ndi latsopano kuposa momwe timaganizira. America inakhazikitsa paki ya Yellowstone mu 1872, ndipo mu 1964 inapanga lamulo loteteza madera amene munthu ayenera kufikako ngati mlendo chabe, osakhazikika. Koma ambiri mwa maderawa anali kwawo kwa mitundu ya anthu amene anasakamo ndi kukhalamo zaka masauzande, ndipo ena anachita kusamutsidwa. Kwathu kuno zinachitikanso: pamene paki ya Nyika inakulitsidwa mu 1978, mabanja amene ankakhala m'deralo anasamutsidwa.

Izi n'zofunika pa zifukwa ziwiri. Choyamba, malo ambiri ooneka ngati opanda mwini ali ndi mwini, kaya boma, mfumu kapena munthu wamba, ndipo kumangamo nyumba kapena kusakamo popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo. Chachiwiri, eni nthaka amene anakhalitsa m'malo ovuta ngati pakati pa Alaska sankakhala mmodzimmodzi. Ankasaka m'magulu, kugawana nyama, kusamuka motsatira nyengo, ndipo ngakhale choncho zaka zina njala inkawapha.

Masamu a njala

McCandless anakulira ku Virginia m'banja lopeza bwino, ndipo anamaliza maphunziro pa yunivesite ya Emory mu 1990. Ndalama zokwana madola 24,000 zimene zinatsala pa thumba la maphunziro ake anazipereka ku bungwe la Oxfam, n'kuyamba kuyendayenda osauza makolo kumene ali. Pa 28 Epulo 1992 analowa m'njira ya Stampede, pafupi ndi tauni ya Healy, atanyamula mfuti yaing'ono, buku la zomera zodyedwa, ndi mpunga wolemera makilogalamu anayi ndi theka. Bambo amene anamupatsa lifiti ataona nsapato zake anachita mantha, n'kumupatsa jombo zake zamphira.

Tiyeni tiwerengere. Munthu wamkulu amafunika makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 2,000 mpaka 2,500 patsiku, ndipo wogwira ntchito yakalavulagaga pamalo ozizira amapitirira 3,000. Mpunga wa makilogalamu anayi ndi theka uli ndi makalori pafupifupi 16,000. Ndiye kuti chakudya chonse chimene ananyamula chinali cha sabata imodzi, mwina kupitirira pang'ono. Chotsalacho chinayenera kuchokera m'tchire, ndipo iye anakhalamo masiku 113.

Sikuti ankangokhala. Kabuku kamene ankalembamo za tsiku ndi tsiku kamasonyeza kuti ankapha agologolo, anungu ndi mbalame, ankakumba mizu ndi kutola zipatso. Koma kusaka nakonso kumadya mphamvu. Ngati wayenda tsiku lonse n'kubwerako ndi gologolo mmodzi, wawononga zambiri kuposa zimene wapeza. Zili ngati geni imene tsiku lililonse umagulitsa ndithu, koma pamtengo wotsika kuposa umene unaodera: mpamba umatha mwakachetechete, iwe ukuona ngati zikuyenda. Mpamba wa thupi ndi mafuta, ndipo akatha, thupi limayamba kudya minofu yake.

Pali vuto linanso. Nyama za m'tchire zing'onozing'ono zilibe mafuta ambiri, ndipo thupi la munthu silingapeze mphamvu zake zonse kuchokera ku nyama yopanda mafuta yokha. Munthu amatha kudya mpaka kukhuta koma akuwondabe, akutsegula m'mimba, akufooka. Alenje akale a kumpoto kwa America ankalidziwa vutoli, n'chifukwa chake ankasunga mafuta ngati chuma.

Mu Juni, McCandless anapha moose, nyama yaikulu ngati ntchefu. Nyama imeneyo ikanamusunga kwa miyezi. Anayesa kuiwamba pa utsi, koma patangopita masiku ochepa ntchentche zinaikira mazira ndipo mphutsi zinadzaza. Anthu a ku Alaska nyama yotere amailenga tizidutswa topyapyala n'kuiyanika pamphepo msangamsanga, ndipo kawirikawiri ntchitoyo imakhala ya manja ambiri. Aliyense amene anaonapo ng'ombe ikuphedwa pamaliro kapena paukwati akudziwa kuchuluka kwa anthu amene amafunika kuti nyamayo isawonongeke dzuwa lisanalowe. Iye anali yekha ndi mpeni, ndipo analemba kuti akudandaula kuti anaipha.

Mtsinje ndi chisanu

Kumayambiriro kwa Julayi anaganiza zobwerera kwa anthu. Mfundo imeneyi imaiwalika nthawi zambiri: sanapite kukafa. Koma atafika pa Teklanika, mtsinje umene anauoloka mosavuta mu Epulo, anaupeza utadzaza, ukuthamanga, madzi ake ozizira koopsa. Kwathu mtsinje umene umaoloka utangopinda thalauzi mu Okutobala umakokolola ngolo mu Febuluwale chifukwa cha mvula. Ku Alaska mitsinje yotere imasefukira nyengo yotentha, pamene madzi oundana a m'mapiri akusungunuka. Mlendo sangalote zimenezi. Mtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera pamene anaima panali chingwe chachitsulo chokhala ndi kabokosi koolokera, koma analibe mapu atsatanetsatane osonyeza zimenezo. Anabwerera ku basi. Alenje anapeza thupi lake pa 6 Seputembala, likulemera makilogalamu 30 okha, pamalo amene ali makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Healy.

Kuzizira nako kumapha mofulumira kuposa njala. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likatsika pansi pa 35, munthu amanjenjemera, manja amakanika kumanga chingwe kapena kuyatsa machesi, kenako maganizo amasokonekera, moti amasankha zolakwika pa nthawi imene akufunika nzeru zake zonse. Sipafunika chipale chofewa ayi: zovala zonyowa ndi mphepo n'zokwanira. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anafa ndi kuzizira pa Sapitwa, pa phiri la Mulanje, atakwera pamwamba popanda womuperekeza, nyengo n'kusintha mwadzidzidzi. Munthu akakhala yekha, kubinya phazi, dzino lotupa kapena malungo zimasanduka nkhani ya moyo ndi imfa, chifukwa palibe wokatunga madzi kapena wosonkha moto pamene iye wagona.

Nzeru za malo sizikhala m'mutu umodzi

Taganizani za chinangwa chowawa. Munthu wa ku Nkhata Bay amadziwa kuti chiyenera kusendedwa, kuviikidwa m'madzi masiku angapo ndi kuyanikidwa chisanasanduke ufa wa kondowole. Sanatulukire yekha. Anaphunzira kwa amayi ake, amene anaphunzira kwa awo, ndipo kumbuyo kwenikweni kuli anthu amene anadwala kapena kufa kuti nzeruyo ipezeke. N'chimodzimodzi ndi bowa wa m'dzinja: agogo amangoyang'ana n'kunena kuti uyu ndi utale, uyo musiyeni. Buku lingakuonetse chithunzi, koma silingakuuze zonse zimene mudzi umadziwa.

Banja la Lykov la ku Russia limasonyeza kutalika kwa ulendo umene nzeru ndi kupirira zingafikitse anthu, komanso malire ake. Iwo anali a mpingo wa Okhulupirira Akale, umene unapatuka ku tchalitchi cha Orthodox m'zaka za m'ma 1600. Mu 1936, mchimwene wake ataomberedwa ndi anthu a boma la chikomyunizimu, Karp Lykov anatenga mkazi wake Akulina ndi ana awiri n'kulowa m'nkhalango ya Siberia. Ana ena awiri anabadwira komweko. Anakhala makilomita pafupifupi 250 kuchokera kumudzi wapafupi, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inayamba n'kutha iwo osadziwa. Akatswiri ofufuza miyala ndi amene anawaona ali mu helikopita mu 1978.

Awa sanali alendo m'tchire. Anali alimi ozolowera chisanu, anali asanu ndi mmodzi, ndipo ananyamula mbewu ndi chipangizo choombera nsalu. Komabe mapoto awo atadyeka ndi dzimbiri panalibe powapeza ena. Anakhala zaka makumi anayi opanda mchere, chinthu chimene Karp ankachikumbukira ngati chizunzo chenicheni. Chaka china chisanu chinagwa mu Juni n'kuwononga munda wonse, ndipo mu 1961 Akulina anafa ndi njala, akusiyira ana ake chakudya chochepa chimene chinalipo. Pambuyo pake m'munda munamera phesi limodzi lokha la rye, mbewu yofanana ndi tirigu. Analimangira mpanda n'kumalilondera usana ndi usiku kuopa mbewa ndi agologolo, ndipo linabereka njere 18. Kuchokera pa njere zimenezo anabwezeretsa mbewu yawo. Ndikaganiza za banja lonse likusinthana kulondera phesi limodzi, ndimaona kuti moyo wa m'tchire ndi ntchito yosalekeza, imene kulakwitsa kamodzi kumatha kufafaniza zaka zambiri.

Mu 1981 ana atatu anamwalira motsatizana, awiri ndi matenda a impso, wina ndi chibayo. Karp anamwalira mu 1988. Mwana wotsiriza, Agafia, anakana kusamukira kwa anthu ndipo anapitiriza kukhala komweko, koma tsopano akulandira ufa, mbuzi ndi thandizo lina lochokera kunja.

Amene anakhalitsa, anakhalitsa bwanji?

Richard Proenneke anapita ku Twin Lakes ku Alaska mu 1968 atapitirira zaka 50, ndipo anakhalako zaka pafupifupi 30. Anali makaniko wa injini za dizilo komanso mmisiri wa matabwa. Chaka chimodzi asanasamuke anapita kukadula mitengo kuti iume, kenako anamanga nyumba yake ndi zipangizo zamanja. Mnzake woyendetsa ndege yaing'ono, Babe Alsworth, ankamubweretsera nyemba, ufa ndi makalata, ndipo nthawi zina Proenneke ankapita kukaona abale. Atakalamba anabwerera kwa anthu mu 1999, n'kumwalira mu 2003. Nyumba yake ikusamalidwa mpaka lero mu paki ya Lake Clark.

Christopher Knight anachita zosiyana. Mu 1986, ali ndi zaka 20, analowa m'nkhalango ya ku Maine, ku America, osatsanzika aliyense, ndipo anakhalamo zaka 27 m'tenti yobisika pakati pa miyala. Sankasonkha moto wankhuni kuopa kuti utsi ungamuulule. Usiku wozizira kwambiri ankadzuka n'kumayendayenda kuti asaume ali m'tulo. Iye ananena kuti pa zaka zonsezo analankhulapo kamodzi kokha ndi munthu, moni wachidule kwa wodutsa m'njira. Koma chakudya, mabatire, mabuku ndi gasi wophikira ankaziba m'nyumba za anthu ozungulira dziwe la North Pond, maulendo pafupifupi 1,000, mpaka anagwidwa mu Epulo 2013. Mabanja ena anakhala zaka zambiri mwamantha, ana osagona tulo. Ufulu wake unalipiridwa ndi anthu amene sanafunsidwe.

Tikayang'ana onsewa, aliyense amene anakhala nthawi yaitali anali ndi chingwe chomulumikiza kwa anthu: ndege, tauni yapafupi, abale ogwira nawo ntchito, kapena khitchini ya munthu wina. Izi sizichotsa phindu la zimene anapeza. Proenneke anasiya zolemba ndi zithunzi zosonyeza munthu wokhutira ndi moyo wake, ndipo Knight sanabise kuti bata la m'nkhalango ankalikonda.

Kukhala wekha mwakufuna kwako kumasiyananso ndi kutsekeredwa wekha. Malamulo a United Nations a kasungidwe ka akaidi, odziwika ndi dzina la Nelson Mandela, amaletsa kutsekera mkaidi payekha masiku opitirira 15 otsatizana, chifukwa kumawononga maganizo. Koma anthu ena amakhala okha miyezi mwakufuna kwawo osasokonekera. Kusiyana kukuoneka kuti kuli pa kusankha, pa kukhala ndi ntchito yogwira, ndi pa kudziwa kuti khomo lotulukira lilipo.

Zimene anthu sanagwirizanebe

Chimene chinapha McCandless chikadali mkangano. Madokotala amene anayeza thupi lake anati ndi njala. Mtolankhani Jon Krakauer, amene buku lake la mu 1996 linatchukitsa nkhaniyi, wakhala akunena kuti njere za chomera china chimene mnyamatayo ankadya zinali ndi poizoni amene anamufooketsa, ndipo dzina la poizoniyo lasintha kangapo pamene zoyeza zatsopano zinkatuluka. Ena amati masamu a makalori okha ndi okwanira kufotokoza imfayo. Anthu ambiri a ku Alaska amamuona ngati mnyamata wosakonzekera amene sanalemekeze dziko lawo, pomwe ena m'mayiko ambiri amamuona ngati munthu amene anatsata chikhulupiriro chake mpaka kumapeto. Mlongo wake anaulula pambuyo pake kuti m'nyumba mwawo munali nkhanza, zomwe zinapangitsa ena kuona ulendowo mwatsopano, ngakhale makolo anatsutsa zimenezo.

Palinso funso la ufulu. Munthu wamkulu wanzeru zake akasankha moyo woopsa, boma kapena abale ali ndi mphamvu yomuletsa? Nanga tingasiyanitse bwanji amene akufuna bata ndi amene akudwala matenda a maganizo ndipo akufunika thandizo, poti kunja onse amaoneka mofanana? Akasochera, alipire ndani helikopita, ndipo opulumutsa anthu aike moyo wawo pangozi mpaka pati?

Pa ana funsoli limalemera kwambiri. Agafia Lykova anabadwira m'nkhalango ndipo atapatsidwa mwayi wochoka anakana. Kodi kumeneko n'kusankha, kapena ndi moyo wokhawo umene anaudziwa? Mnyamata wa zaka 14 wa ku Colorado anatsatira amayi ake. Kodi ufulu wa kholo wolera mwana m'njira yake umathera pati?

Basi ija inapita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya yunivesite ya Alaska ku Fairbanks, kuti ofuna kuiona asamaolokenso Teklanika. Ena amati kuisunga n'kuchenjeza achinyamata, ena amati n'kuwakopa, ndipo pamalo pamene inali m'thengo muja anthu ena akupitabe.